Mthuthuthu Wopita ku Ukwati wa Enifa

Lolemba

Zatheka! Mthuthuthu uli pakhomo. Wofiira, wonyezimira, wogula kwa mzungu wa ku Kabulonga amene akubwerera kwawo. Aneba onse a muno mu Kabwata abwera kudzaona. Ndawauza kuti kuona n'kwaulere, koma wokhudza ndimudula chala.

Nkhani yake ndi iyi. Lamulungu likubwerali mlongo wanga Enifa akukwatiwa kwathu ku Mchinji, ikangotha Misa. Bambo anatisiya kalekale, ndiye womugwira dzanja polowa m'tchalitchi ndine. Mwini wake ananditumira mawu: "Achimwene, mukapanda kubwera andilowetsa ndi amalume, ndipo ine sindikufuna." Amalume a Dzoole! Munthu amene pamaliro aliwonse amaimirira n'kunditchula mtchona. Ayi, ine ndili moyo zimenezo sizichitika.

Chachiwiri, amayi sanamuonepo mkazi wanga Bwalya. Tinakwatirana kuno ku Lusaka, iwo anangomva kuti mwana wawo watenga Mbemba wa ku Luapula. Ulendo uno akamuone ndi maso awo.

Bwalya akuti: "Imwe, si tikwele chabe basi monga bantu bonse?"

Basi! Ine kalaliki wa pa Cairo Road, wovala tayi, ndikatsike kwathu nkhuku ya eni ili pamwendo? Komanso ndinatumiza kale uthenga kumudzi kuti ndikubwera pa mthuthuthu, ndipo ndidzatsogolera akwati pochoka kutchalitchi hutala ikulira. Uthengawo unapita mthuthuthu ndisanagule n'komwe. Pano mudzi wonse ukudikira phokoso.

Dongosolo:
Lachiwiri, kugula zofunika.
Lachitatu, mayeso a laisensi, chifukwa pano ndikadali ndi chilembo cha L.
Lachinayi, kupuma ndi kupukuta.
Lachisanu, kunyamuka, kukagona ku Petauke.
Loweruka, kulowa m'mudzi fumbi lili koboo, amalume akuyang'ana.

Za malamulo a pamsewu palibe chodetsa nkhawa. Msewu ndi umodzi kuchokera pano mpaka kwathu. Kuno timayenda kumanzere, kwathu nakonso kumanzere. Chovuta n'chiyani?

Lachiwiri

Chovuta ndi ba Mulenga.

Ba Mulenga ndi aneba athu, dalaivala wa malole, munthu amene wadutsa malire onse amene Mulungu analenga. Andipeza ndikupukuta galasi. Azungulira mthuthuthu, aumenya tayala ndi phazi, kenako akuti: "Shani ba neba! Msewu ni umozi, ee, koma mukajumpha chabe boda, vonse vachinja."

Akhala pampando wanga osaitanidwa. Zimene ndatolapo:

Kuno helemeti ndi lamulo, kwa woyendetsa ndi wokwezedwa yemwe. Ine ndili ndi imodzi, ya mzungu uja.
Kuno pamafunika ma lifulekita, timizere tonyezimira, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo.
Kuno wa chilembo cha L sanyamula munthu, ngakhale mkazi wake wa mu tchalitchi.
Kwathu laisensi ya wophunzira ya dziko lino sailandira.
Kwathu amafuna chilembo cha Z kumbuyo, kuti adziwe kumene tsoka lachokera.
Ku Zaire amayenda kumanja. Sindikupita ku Zaire! Koma ba Mulenga akayamba saima, andifikitsa mpaka ku Tanzania.

Potsanzika andiyang'ana m'mutu. "Koma ku Malawi sibayangana helemeti, bayangana vili pansi pa helemeti."

Tsitsi langa! Afulo yanga yoweta zaka, yozungulira bwinobwino, imene Bwalya anandikondera! Akuti pamalire mwamuna wa tsitsi lambiri amamukhazika pamwala n'kumumeta ndi sizasi yosathwa, akazi a m'basi akuonerera. Ndinazimvapo izi, koma ndinkayesa ndi nkhani za kumowa. Ndinachoka kwathu lamuloli lisanabadwe.

Masana ndathawa kuofesi kukasaka helemeti yachiwiri. Sitolo yoyamba: kulibe. Yachiwiri: inatha chaka chatha. Yachitatu: mwenye wake wangoseka. Ndikubwerera ndaona mzere wautali, anthu akukankhana, ndipo masiku ano munthu ukaona mzere umayamba waima, kufunsa pambuyo. Ndaima mpaka miyendo kuuma. Anali sopo. Ndagula, nanga ndikanatani?

Bwalya wakondwera ndi sopoyo kuposa mmene anakondwerera ndi mthuthuthu. Zandipweteka.

Za helemeti wazithetsa yekha. Watulutsa pansi pa bedi chisoti cha mchimwene wake wa ku migodi ya ku Kitwe. Chachikasu, cholimba, chokhala ndi kachitsulo kokolekapo nyali pamphumi. Helemeti ndi helemeti basi. Mwala wa mumgodi ndi phula la pamsewu zikusiyana pati?

Lachitatu

Ndakhoza! Laisensi ili m'thumba, L ndamutaya m'dzala.

Woyesa anaima pamthunzi, ine ndikuzungulira migolo padzuwa. Ndagunda umodzi wokha, iye anali akugula chimanga chowotcha. Mulungu alipo.

Ndikanangothokoza n'kumapita. Koma kamwa langali! Ndamuuza monyada kuti Lachisanu ndikunyamula akazi anga mpaka ku Malawi. Wawerama n'kusuzumira kumbuyo kwa mthuthuthu. Akuti: "Bazaponda pati?" Zopondapo za wokwezedwa palibe, mzungu uja ankayenda ndi galu wake yekha m'kabasiketi. Akutinso m'dziko muno wokwezedwa amakhala motangadza, mwendo uku mwendo uku, nkhope kutsogolo. Kukhala cham'mbali ngati pa njinga yakapalasa ndi mlandu.

Wowotcherera zitsulo wa pamsika waikapo zopondapo ziwiri. China chili m'mwamba, china m'munsi. Akuti zizolowerana.

Bwalya, atamva za kutangadza: "Mu chitenge? Lusaka yonse iniyangane? Nifuna tiloza." Ndiye kuti thalauza. Chabwino, thalauza si nkhani, atsikana a ku Woodlands amavala tsiku ndi tsiku.

Tapita kwa Che Saidi, telala wa pamsika wa Kabwata, Myao wa ku Mangochi amene amapita kwawo chaka ndi chaka. Ndanena kuti ndikufuna thalauza la mayiwa, la paulendo wa kumudzi. Makina aima. Che Saidi avula magalasi.

"Achimwene, mwatopa nawo mayiwa? Mkazi wa thalauza kwathu salowa. Amubweza pamalire pomwepo, ndipo inu akufunsani bwinobwino kuti munaleredwa ndi yani."

Ndafunsa ngati angavale mpaka ku Chipata, n'kukavula tisanafike pamalire. Akuti masutikesi amatsegula, ndipo thalauza la chikazi amalidziwa ndi zipi. Akana kusoka. Akuti iwo ali ndi ana ku Mangochi, safuna dzina lawo likatchulidwe pamalire.

Ndiye taonani pamene ndaima:
Kuno, mkazi atangadze. Potangadza pafunika thalauza.
Kwathu, thalauza ndi mlandu.
Mkazi ndi mmodzi yemweyo, miyendo ndi yomweyo, msewu ndi womwewo!

Akulu a maiko awiriwa amakumana, amadyera limodzi, amajambulitsa akugwirana chanza. Sangakhale pansi tsiku limodzi n'kugwirizana za miyendo ya mkazi wanga?

Sizinathere pomwepo. Che Saidi aona thalauza langa la belebotomu, lotambalala m'munsi, limene ndimati ndikavinire paukwati. Nalonso akuti n'loletsedwa. Alichepetsa pomwepo, ine nditakhala kuseri kwa katani ndi kabudula wamkati. Andibwerekanso khadi lawo lakale la chipani cha kwathu, akuti anyamata a kumeneko amalifuna pamsika ndi pokwerera basi. Ndaliika thumba lakumanja. La chipani cha kuno lili thumba lakumanzere. Ndisasokoneze, ndisasokoneze!

Lachinayi

Ndameta.

Sindikufuna kulemba zambiri. Wometa wa pansi pa mtengo wandifunsa kawiri ngati ndatsimikiza, kenako wafunsa kuti wamwalira ndani. Ndinati angochepetsa, koma dzanja lake linaterereka mbali imodzi, polinganiza mbali inayo linaterereka kwina. Mapeto ake mpala. Mutu wanga sindinauonepo chichokere kusukulu, ndipo si wabwino. Uli ndi ngodya.

Kuofesi abwana andipepesa maliro n'kundipatsa tchuthi cha mawa mosavuta. Sindinawatsutse.

Bwalya wanditsegulira chitseko, wandiyang'ana, wabwerera kukhitchini. Ndikumva akuseka m'kati mwa thawulo.

Vuto latsopano: helemeti ya mzungu inkandikwana chifukwa cha tsitsi. Pano ikuzungulira yokha. Ndikayang'ana kumanja, iyo imatsala ikuyang'ana kutsogolo. Ndaikamo nyuzipepala, yakhala bwino. Ba Mulenga asuzumira pampanda, aitulutsa nyuzipepalayo, aitambasula. Patsamba loyamba pali nkhope ya mtsogoleri wa dziko lino, itakwinyika ndi thukuta la mpala wanga. Akuti kuno zimenezi zikhoza kundigoneka m'chitokosi, ndipo kwathu nyuzipepala yakunja amalanda pamalire. Pepala limodzi, milandu m'maiko awiri! Ndaikamo duku la Bwalya.

Madzulo tapita kukayeserera ku Woodlands, kumene misewu ili phee ndipo otiseka ndi alonda okha. Thalauza langa Che Saidi analichepetsa mopitirira, mwendo sukukwera pa mthuthuthu. Ndikuchita kuukweza ndi manja.

Kutangadza mu chitenje: Bwalya wayesa kamodzi, mlonda wina waimba mluzu, Bwalya watsika. Akuti ngakhale ndimusiye ukwati.
Cham'mbali: wakhala bwino, mawondo pamodzi, chitenje mpaka m'mapazi, chisoti cha kumgodi pamutu. Ulemu wokhawokha. Amayi akamuona chonchi adzamukonda tsiku lomwelo.

Ndaganiza mozama, monga munthu wophunzira. Malamulo a kwathu ndi aukali, a kuno ndi ofatsa. Kwathu amameta, amabweza, amafunsa amene anakulera. Kuno wapolisi umamupatsa moni wa Chibemba n'kumadutsa. Ndiye munthu ukakhutiritsa lamulo laukali, lofatsalo lingakuvute bwanji? Tinyamuka pano titakonzeka kale Chimalawi, kuyambira kumutu mpaka kumapazi. Pamalire adzachita kutiombera m'manja.

Bwalya akuti: "Basi ikalipo, imwe. Mailo na pa Chibelu." Akutanthauza mawa komanso Loweruka. Ndamuuza kuti m'nyumba muno mawu akuti basi asamvekenso.

Timizere tonyezimira sindinatipeze. Chilembo cha Z ndalemba ndekha ndi penti, chachikulu bwino.

Lachisanu

Kalanga ine!

Ndilembe mwadongosolo, mwina mtima ukhala pansi.

Tanyamuka m'mawa dzuwa litangotuluka. Katundu: sutikesi, suti yanga ya paukwati, wotchi yapakhoma ya akwati, sopo uja wa amayi, ndi ndowa imene Bwalya akuti mkamwini wamkazi sapita kwa apongozi opanda ndowa. Zonse tamanga mopingasa kumbuyo ndi mphira. Aneba atuluka, amayi ena alulutira, ba Mulenga atikankha kuti injini idzuke. Ndaliza hutala mpaka kutuluka mu Kabwata. Kunena zoona, pamenepo ndinali mfumu.

Tadutsa m'tauni. Talowa msewu waukulu wa kum'mawa. Mphepo ikulowa mu helemeti, duku likundisisita mpala, Bwalya wandigwira m'chiuno. Ndayamba kuimba nyimbo ya ukwati.

Chelstone. Mu Lusaka tisanatulukemo n'komwe, migolo pamsewu. Lodibuloko.

Wapolisi wake wamng'ono thupi, waulemu, wosafulumira. Moni wanga wa Chibemba wayankha bwino lomwe, kenako watizungulira pang'onopang'ono ngati akugula mbuzi.

"Ba mayo bankala bwanji apa? Ni pa benchi ya mu chalichi?"
"Iyi helemeti, bayenda ku mugodi?"
"Ma lifulekita yali kuti?"
"Aka katundu kapitilira na mahandulo. Ni lole iyi?"

Ndatsika, mwendo ndachita kuutsitsa ndi manja. Ndamufotokozera zonse mofatsa: kuti ku Malawi thalauza n'loletsedwa, kuti ku Malawi mkazi amakhala mwaulemu, kuti chilembo cha Z chilipo, aone yekha. Ndavula helemeti kumuonetsa kuti ngakhale tsitsi ndakonza. Duku lagwa pansi.

Wandimvetsera mpaka kumapeto. Kenako akuti: "Ba bosi, yanganani bwino. Apa ni pa Chelstone. Ku Malawi mukalibe kufika."

Wapempha laisensi. Ndapisa thumba lolakwika. Chatuluka ndi khadi la Che Saidi, nkhope ya mtsogoleri wa dziko lina ili pamwamba. Pofuna kukonza ndatulutsanso la kuno. Wawagwira onse awiri, lina dzanja ili, lina dzanja ilo.

"Manje chipani chanu ni chiti? Dziko ino ili na chipani chimozi chabe."

Ndati lijanso lili ndi chimodzi chokha, bwana, n'chifukwa chake ndili ndi awiri. Sanaseke.

Mthuthuthu autsekera kuseri kwa polisi ya pomwepo. Akuti utuluka akasaina mkulu wawo, ndipo mkulu wawo wapita kumsonkhano, abwera mawa. Makhadi andibwezera, akuti nkhani imeneyo ndi yaikulu kuposa iwo.

Tabwerera pa minibasi, ndowa pamwendo, wotchi pachifuwa. Pofika mu Kabwata aneba ena anali asanalowe n'komwe m'nyumba chitiperekezereni. Mayi wina wafunsa kuti kumudzi kuli bwanji.

Bwalya watenga simbi. Akungosita zovala n'kumazipinda. Mkazi ameneyu akatero amandiopsa kuposa wapolisi.

Loweruka

Wandidzutsa kusanache, atavala kale. Basi ya ku Chipata. Akuti ikafika madzulo, tikagona kwa msuweni wake, mawa m'mawa tikadutsa malire, Misa isanathe tili pakhomo la tchalitchi.

"Tiyeni. Njinga izatipeza tikabwela. Enifa afuna imwe, safuna njinga."

Ndamuperekeza kokwerera basi. Malo analipo. Kondakitala wachita kundigwira dzanja, mpando wa pawindo, nkhuku palibe ngakhale imodzi. Phazi limodzi ndinaliika kale pachitseko.

Koma ndinaona amalume a Dzoole m'maganizo. Ndikutsika basi, mpala uli ngwee, thalauza lothina, mudzi wonse ukufunsa kuti nanga mthuthuthu uja uli kuti. Ndabweza phazi. Ndamuuza Bwalya kuti atsogole ndi katundu. Mkulu wa polisi akangosaina m'mawa uno, ine ndekha wopanda wokwezedwa ndilibe mlandu, ndiithamangitsa basiyo n'kuipitirira isanafike pa mlatho wa Luangwa.

Wandiyang'ana nthawi yaitali. Watenga chisoti cha kumgodi n'kuchiika m'ndowa. "Nizachiika pa mpando wanu ku ukwati. Bamayo banu bakafunsa, nizakamba ati mwana wanu ni uyu." Basi yanyamuka, sanandibayibitse.

Timizere tonyezimira ba Mulenga amatula pa lole ya kuntchito kwawo. Anali nato masiku onsewa! Akuti sindinawafunse.

Ku Chelstone mkulu wa polisi kulibe. Kukubwera mlendo wa boma wochokera kunja, apolisi onse ali pamsewu wa ku bwalo la ndege. Ndapita komweko kukamusaka. Amayi a chipani andigwira, andipatsa kambendera, andiimika pamzere pakati pa ana a sukulu. Wina akuti wampalayu aime kutsogolo, akuoneka waulemu. Ndege yachedwa. Taimba nyimbo zonse, tayambiranso. Dzuwa lafika pamutu, mpala wapsa. Dzuwa lapendeka. Ine ndikungowerenga m'mutu: pano basi ili pa Rufunsa, pano yawoloka mlatho, pano Bwalya akugula nthochi pa Nyimba.

Magalimoto akuda adutsa ngati mphepo. Ndakupiza kambendera. Mlendoyo sindinamuone, ndipo dziko lake sindikulidziwa. Kaya kwawo amayenda kumanja kapena kumanzere.

Mkulu wa polisi wafika dzuwa likulowa. Munthu wabwino, wotopa. Wasaina osawerenga, wandiuza kuti mthuthuthu wanga ndi wokongola. Ndafunsa ngati ndingayende usiku. Akuti pa mlatho wa Luangwa asilikali salola munthu kuwoloka kukada, ndipo nyali yangayi ngakhale khoswe sangaione. Kunyamuka mawa n'kungodzivutitsa, ndikafika ukwati utatha.

Nyumba ili zii. Ndadya buledi ndi madzi. Ndikuchita manyazi, ndipo palibe woti ndimunamizire.

Lamulungu

Kutchalitchi sindinapite. Ndikanakhala bwanji pabenchi kumamvera Misa ya eni?

Ndapukuta mthuthuthu. Ndamata timizere, toyera kutsogolo, tofiira kumbuyo. Ndavala suti? Ayi, suti inapita ndi Bwalya. Ndavala thalauza lothina lomwelo.

Lero ndine munthu wolungama m'maiko awiri. Helemeti ilipo. Laisensi ilipo. Tsitsi palibe. Katundu palibe. Wokwezedwa palibe.

Belu la tchalitchi cha mu Kabwata lalira lotulukira. Ndiye kuti kwathunso Misa yatha. Enifa waima pakhomo ndi velo lake, akuyang'ana kumsewu, akutchera khutu. Ndikumudziwa mwana ameneyu, awauza kuti adikire pang'ono. Adikira. Kenako amalume akonza jekete lawo n'kutambasula dzanja. Bwalya ali pakati pa anthu osawadziwa, akugwada kwa amayi ndi Chinyanja chake cha m'tauni, akundipepesera. Enifa ndinamubereka kumsana ali khanda. Anandipempha chinthu chimodzi chokha.

M'nyumba simukukhalika. Ndaliza injini, ndangoyenda. M'tauni muli phee, masitolo otseka. Mthuthuthu ukuyenda bwino kwambiri lero, mwina chifukwa chopepuka. Osadziwa ndapezeka ndili pamsewu wa kum'mawa.

Chelstone. Migolo ija. Wapolisi yemwe uja.

Wandizungulira pang'onopang'ono. Wagogoda helemeti, wakhudza timizere, wawerenga laisensi mbali zonse. Wamwetulira, wakunkhuniza mgolo yekha kunditsegulira njira, wandichitira sawatcha.

"Manje muli bwino, ba bosi! Pitani. Mufike bwino ku Malawi, mupeleke moni ku ukwati."

Ndathokoza. Ndadutsa. Nanga ndikanatembenuka pamaso pake?

Ndayenda pang'ono mpaka pokhota, ndaimika mthuthuthu kuseri kwa mtengo wa mango. Ndikulemba izi nditakhala pamuzu. Wogulitsa makala wa apa akuti apolisi amasinthana dzuwa likapendeka. Ndidikira, akachoka ameneyu ndibwerere kunyumba.